Kodi Munthu Akwerera Ciani Phiri?

M'nyengo ya dzinja, cimanga cikayamba kukhwima, mwini munda amanga nsanja nakwezapo mwana wace kuti aingitse anyani ndi mbalame. Mwana uja akakwera aona zimene anzace a pansi sazipenya: aona malire a munda wonse, aona njira yocokera kudambo, aonanso utsi wa midzi yakutali. Koma ana sali amodzimodzi. Wina akakhala pansanja ayang'anira munda monga anamtuma atate wace. Wina aimirira napfuula kuti anzace amuone kuti ali pamwamba. Winanso atola miyala nayamba kugenda odutsa m'njira. Nsanja ndi yomweyo, kutalika kwace ndi komweko, koma nchito yace isiyana monga isiyana mitima ya okwerapo.

Mwezi uno tifuna kulingalira za cinthu cimeneci. Ndipo kuti ticione bwino, tikutengani, owerenga athu, ulendo wa kutali, ku phiri lina laling'ono la m'mzinda wa Athens, pakuti pa phiri limenelo panasala zizindikiro za amuna atatu amene analikwera, yense ndi colinga cace.

Athens ndiwo mzinda waukuru wa dziko la Greece, ku Ulaya, womwewo umene m'Buku Lopatulika ulembedwa Atene. Anthu akhala pamenepo zaka zoposa 3,000 osalekeza. Pakati pa mzindawo pali thanthwe lalitali lochedwa Acropolis, ndi pamwamba pa thanthwelo pali kacisi wochuka, dzina lace Parthenon, amene anayamba kumangidwa caka ca 447 asanabadwe Kristu. Popenyana ndi thanthwelo, ca kumwera kopendekera kumadzulo, pali phiri limene tinena ife. Silitalika ai, nsonga yace ili mamita 147 okha pamwamba pa nyanja, ndipo nkhalamba yomwe ikhoza kulikwera ndi ndodo. Agriki akale analicha phiri la Muses, ndiyo milungu yacikazi imene anaiyesa eni nyimbo ndi nzeru. Lero anthu alicha phiri la Philopappos.

Masiku ano phirilo lasanduka malo opumuliramo anthu a mumzinda. Ladzala ndi mitengo ya paini ndi ya azitona, ndipo alowamo onse osalipira kanthu. Dzuwa likapendeka, anthu akwera awiri awiri, ena ndi ana, ena ndi agaru ao. Pa Lolemba loyamba la nyengo ya kusala kudya ya mpingo wa Agriki, mabanja adza ndi zakudya, ndi ana aulutsa mapepala omangidwa ku zingwe zazitali kuti atengedwe ndi mphepo.

Mlendo akafika pansonga, mzinda wonse uli pa mapazi ace. Kutsogolo kwace aona Acropolis ndi kacisi uja, monga munthu aona nkhope ya mnzace wokhala tsidya lija la bwalo. Pansi pa thanthwelo aona mwala wa Areopagi, pamene Paulo analankhula ndi anzeru a mumzindamo ngati caka ca 50. Pafupi pali citunda ca Pnyx, pamene amuna aufulu a Athens anasonkhana kupangana za dziko lao, akazi ndi akapolo osaloledwa. Akatembenuka aona dooko la Piraeus, ndi nyanja ilikung'anima, ndi cisumbu ca Salamis, kumene zombo za Agriki zinagonjetsa zombo za Aperisi caka ca 480 asanabadwe Kristu. Cigwa conse cayera ndi nyumba za anthu oposa mamiliyoni atatu, kufikira m'tsinde mwa mapiri ozinga mzindawo. Ndi malo okondweretsa ndithu. Koma tsopano tione anthu atatu aja.

Woyamba ndiye mwini dzina la phirilo. Philopappos anali mdzukulu wa Antiochus wacinai, mfumu yotsiriza ya Commagene, dziko laling'ono la m'mbali mwa mtsinje wa Firate. Caka ca 72 Kaisara Vespasian analanda ufumuwo, ndipo banja lacifumu linasala ndi cuma ndi dzina, koma lopanda dziko. Dzina lakuti Philopappos litanthauza wokonda agogo ace. Mwanayo anakula nakhala ku Athens, nakhala mwini mudzi pamenepo, napatsidwa ukuru mumzindamo. Sanali munthu woipa. Anataya ndarama zace kulipirira oimba pa maphwando a mzinda, anakonda anthu ophunzira, ndipo mlembi wochuka Plutarch anali bwenzi lace. Caka ca 109 analandira ku Roma udindo wa consul, ndiwo ulemu waukuru wa anthu a pansi pa Kaisara.

Pakati pa caka ca 114 ndi ca 116 anammangira manda pansonga peni peni pa phirilo, ndi miyala yoyera ya marble, kutalika kwace ngati mamita 12. Cimeneci cinali cacilendo, pakuti mwambo wa Athens unali kuika akufa kunja kwa linga. Pa khoma la mandawo amisiri anasema cithunzi cace ali m'gareta wokokedwa ndi akavalo anai, anyamata a ulemu alikumtsogolera. Pamwamba anaika mafano atatu okhala pansi: iye mwini pakati, agogo ace ku dzanja lina, ndi ku dzanja linzace Seleucus, kholo lakale la mafumu a Suriya. Analembapo maina ace ndi maulemu ace m'Cigriki ndi m'Cilatini. Ndipo mandawo anawapenyetsa ku Acropolis, kuti yense wokwera ku kacisi akatukula maso aone pamene agona Philopappos.

Tsono tamvani cimene cinacitika. Patapita zaka ngati 50, mlendo wina dzina lace Pausanias anayenda m'dziko la Greece nalemba buku la zonse anaziona. Pofika pa phiri limeneli anangonena kuti pali manda a munthu wina wa ku Suriya, osachula dzina lace konse, cinkana dzinalo linalembedwa pamwala pamaso pace. Caka ca 1436 mlendo wina wa ku Italy, Cyriacus wa ku Ancona, anapeza khomalo likali ndi malembo ace onse nawalemba m'buku. Pambuyo pace fano lacitatu linatayika, ndi cipinda ca mtembo cinapasuka. Lero kwasala khoma limodzi logumuka mbali, ndi fano la mwini manda lilibe mutu. Dzina lace lamamatira pa phiri, inde. Koma mwa anthu zikwi okwerapo, owerengeka okha adziwa kuti anali yani. Ndipo cinthu comvetsa cisoni ndi ici: popeza mandawo apenya ku Acropolis, yense wofuna kuona kacisi ayenera kuima patsogolo pa mandawo ndi kuwafulatira. Malo amene anasankhidwa kuti munthu aonekerepo akhala malo amene anthu amfulatira tsiku ndi tsiku.

M'tsinde mwa phiri lomwelo muli zipinda zosemedwa m'thanthwe, zimene anthu azicha ndende ya Socrates. Socrates anali mphunzitsi waumphawi, woyenda wopanda nsapato m'misika ya Athens, wofunsa anthu za cilungamo ndi ukoma, kufikira akuru anamweruza kuti amwe mankhwala akupha caka ca 399 asanabadwe Kristu. Ofufuza zakale ati ndende yeni yeni inali kwina, pafupi ndi msika. Koma taonani kusiyana kwace. Pansonga pali manda akuru amene mwini wace aiwalika. Patsinde pali mapanga amene anthu anawapatsa dzina la munthu wosasiya nyumba kapena buku, cifukwa anafuna malo akumkumbukirapo.

Waciwiri anakwera ndi mizinga. Caka ca 1687 Athens anali m'manja mwa Aturuki, amene anaulamulira zaka zoposa 200. Kacisi wa Parthenon, amene poyamba anali wa mulungu wacikazi Athena, pambuyo pace nyumba yopemphereramo Akristu, ndipo m'masiku amenewo mzikiti, anali ciimire ndi denga lace, atatha zaka zoposa 2,000. M'mwezi wa September nkhondo ya a ku Venice inakoceza pa Piraeus, mkuru wace Francesco Morosini. Aturuki anathawira pa Acropolis, nalonga onga wao m'kacisimo, nabisamonso akazi ndi ana, poyesa kuti makoma ace ocindikala adzawacinjiriza. Ankhondo a Morosini anakokera mizinga yao pa phiri lathu lija ndi pa zitunda zoyandikana nalo, pakuti pamenepo mpoonekera bwino. Madzulo a pa 26 September cipolopolo cimodzi cinaboola denga nicigwera pa onga. Pakati pa kacisi panaphulika, nsanamira za m'mbali zinagwa, ndipo anthu ngati 300 anafa.

Kodi anapindulanji? Linga linagonja patapita masiku owerengeka. Koma m'mwezi wa April caka ca 1688 a ku Venice anaona kuti sakhoza kuusunga mzindawo, nacoka, Aturuki nabwerera. Asanacoke, Morosini anafuna kutenga mafano a akavalo a pa khoma la kumadzulo la kacisi kuti akaonetse kwao. Koma powatsitsa anagwa pansi naphwanyika. Caka comweco anthu a kwao anamsankha akhale mkuru wa dziko la Venice. Cimene cinaima zaka 2,000 cinapasuka usiku umodzi, cifukwa ca mzinda umene anaugwira miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mlandu suli pa iye yekha ai. Amene anaika onga pamodzi ndi ana m'nyumba imodzi ali nao mlandu wao. Koma ife tifunsa za munthu woima pa phiri.

Apa tiyenera kuima pang'ono ndi kulingalira cimene malo okwezeka acita ndi maso a munthu. Pamwamba pationetsa zoona zina zimene pansi sitiziona. Tiona kumene njira icokera ndi kumene inka. Tiona kuti nyumba yathu ndi imodzi mwa zikwi. Tiona kuti malire amene tikanganira ndi mnansi wathu ndi kamzere kosaoneka bwino. Ici ndi cabwino, ndipo munthu wosakwera konse akhala ngati cule wa m'citsime, woyesa kuti thambo lilingana ndi kamwa la citsime cace. Koma pamwamba pabisanso zoona zina. Munthu woima pa phiri la Philopappos aona nsanamira za kacisi bwino lomwe, koma sakhoza kuzindikira nkhope ya munthu woima pakati pa nsanamirazo, kapena kumva kulira kwa mwana. Anthu aoneka ngati nyerere. Ndipo mtima wa munthu sucedwa kunena kuti, zooneka ngati nyerere ndi nyerere. Woombera mzinga uja anaona khoma ndi denga. Akadaima pa khomo la kacisi napenya m'maso mwa amai ofungatira ana ao, kapena dzanja lace likadanjenjemera. Kutalika kumpatsa munthu mphamvu ya kufikira anthu ambiri, ndipo nthawi yomweyo kumcotsera cifundo cimene cidza ndi kuyandikana. Makolo athu anacidziwa ici pamene anati, ukakwera pamsana pa njobvu usamati pansi palibe mame.

Wacitatu anakwera ndi amisiri a miyala. Dzina lace ndi Dimitris Pikionis, mmisiri wolinganiza nyumba, wobadwa caka ca 1887. Ali nkhalamba ya zaka zoyandikira 70, boma la Greece linampatsa nchito ya kukonza njira zokwerera ku Acropolis ndi ku phiri la Philopappos, naigwira kuyambira 1954 kufikira 1957. Masiku amenewo nyumba zakale zambiri za mumzinda zinali kugwetsedwa kuti pamangidwe zazitali. Pikionis anatola zotayidwa za nyumbazo, zidutswa za marble, miyala ya pa makomo, ndi mapale a padenga, naziyala pansi zikhale njira. Sanakhale m'nyumba kulemba mapepala ndi kutumiza malamulo. Anakhala pa phiri pamodzi ndi amisiri, nasankha nao malo a mwala uli wonse. Anaoka mitengo ya m'dziko lomwelo, monga azitona ndi zitsamba za m'mapiri a Greece. Anakonzanso kanyumba kakale kopemphereramo ka Demetrios Woyera kamene kali m'tsinde mwa phirilo. Ndipo pamene njira ikhota, pamene kacisi aonekera mwadzidzidzi pakati pa mitengo, anaikapo mipando ya miyala, kuti wotopa akhale pansi napenye.

Alendo ambiri oyenda pa njira zimenezi ayesa kuti ndi zakale lomwe, za masiku a Socrates. Sadziwa kuti anaziyala munthu amene anamwalira caka ca 1968. Nchito yace yonse ili pansi pa mapazi a anthu. Palibe fano lace pansonga. Iye anadziwa kuti anthu sadzera iye, adzera kacisi ndi nyanja ndi mapiri. Cifukwa cace anakonza njira yakuti afike osapunthwa, napeze pokhala, naone bwino.

Tsono wina adzati, Kodi kufuna kukumbukika ndi kulakwa? Kodi sitiika mwala pa manda a atate wathu? Ndipo Pikionis yemweyo, kodi simwachula dzina lace m'nkhani yino? Funsoli ndi loyenera, ndipo tiyankha kuti kukumbukika sikuipa. Mwana woiwala manda a amace tonse timdzudzula. Philopappos analira ufumu wa agogo ace umene sanaulawe, ndipo yense amene analandidwa ca makolo ace adzamva naye cisoni. Koma mbiri iri ngati mthunzi wa munthu: ukautsata uthawa, ukayenda ulendo wako ukutsata. Miyala ya Philopappos inena za iye mwini, makolo ace ndi maulemu ace, ndipo munthu akaiwerenga kamodzi watha nayo. Miyala ya Pikionis igwira nchito tsiku liri lonse, ndipo amene afunsa dzina lace afunsa cifukwa ca kuyamika.

Winanso adzati, Ngati malo okwezeka ali ndi ngozi yotere, si kwabwino kodi kukhala pansi, osalola ukuru uli wonse? Iai. Munda wopanda wokwera pansanja udyedwa ndi anyani. Mudzi ufuna mfumu, sukulu ifuna mphunzitsi, mpingo ufuna akuru, ndi banja lifuna mwini mbumba woona patali. Wokana kukwera pamene anzace amtuma, cifukwa ca kuopa mlandu, sali wodzicepetsa; angosiya katundu wace kuti asenze ena. Cofunika ndi kudziwa cimene tikwerera.

Pakuti ife tonse tiri nalo phiri lathu, cinkana liri laling'ono ngati culu. Wina anaphunzira kuposa abale ace, nadziwa kuwerenga makalata amene iwo sakhoza kuwerenga. Wina anapita kunchito kutali nabwera ndi ndarama. Wina asunga buku la maina pa nthawi ya kugawa thandizo m'caka ca njala. Wina akhala pa mpando poweruza mirandu ya pabwalo kapena ya mumpingo. Yense wa amenewa aona zimene anzace saziona, ndipo dzanja lace lifika pamene manja ao safika. Ayenera kudzifunsa mafunso awa. Kodi nditakwezedwa ndifuna kuti anthu azipenya ine, kapena kuti apenye cimene ndinatumidwa kuwaonetsa? Kodi anthu amene maina ao ali m'buku langa ndiwadziwa nkhope zao, kapena asanduka mizere ya inki? Kodi mlandu ndisanaugamule ndinatsika kukakhala pa mphasa ya wolakwayo ndi kumva mau ace? Ndipo ndikadzacoka pa mpandowu, kodi padzasala njira yoti ana a eni ayendepo, kapena dzina langa lokha lolembedwa pa khoma?

Mankhwala a matenda a pamwamba ndiwo kutsika kawiri kawiri. Mfumu yoyenda m'minda ya anthu ace siganiza kuti njala ndi nkhani yongomva. Mphunzitsi wodziwa nyumba imene mwana acokera sathamangira ndodo mwanayo akacedwa. Woona patali ayenera kubwera pafupi, kuti zimene anaziona pamwamba aziyese ndi zimene adzamva pansi. Pakuti mbali imodzi yokha ya coonadi ikhoza kumsokeretsa munthu monga bodza lomwe.

Dzuwa likalowa kuseri kwa Salamis, nyali ziyaka pa Acropolis, ndipo anthu a pa phiri la Philopappos ayamba kutsika. Asiya m'mbuyo khoma loyera ndi fano lace lopanda mutu. Patsogolo pao aona kacisi wong'ambika pakati, amene amisiri akhala alikumkonza kuyambira caka ca 1975. Ndi pansi pa mapazi ao pali miyala yoyalidwa bwino, imene iwafikitsa kumseu osagwa, ungakhale mdima wayamba. Palibe munthu agona pansonga. Onse abwerera ku nyumba zao ndi kwa anansi ao. Momwemonso inu ndi ife, abale, tsiku lina tidzatsika pa malo amene tinakwezedwapo, ndipo ena adzakwera m'mbuyo mwathu. Tiyeni tiyese kuti akadzafika, akapeze njira yokonzeka ndi pokhala.